Chingwe Choyera pa Mkono wa Yohane

Sendezani mkekawo kuno kumthunzi, ana inu, dzuwa la kunoku silimvera chisoni mitu ya ana a ku Lilongwe. Iwe Takondwa, bwera nazo zovala zako zonse, ndi zamkati zomwe. Usachite manyazi, ine ndinakuona ulibe ndi thewera lomwe. Tadala mkazi wanga wamng'ono, ndilowetsere ulusi m'singanomu, maso angawa anapuma ntchito kalekale. Ndikufuna chovala chilichonse chimene mchimwene wakoyu atenge ku kampu Lolemba chikhale ndi chizindikiro chake, chifukwa anyamata ambiri akagona malo amodzi masiku asanu, pobwerera aliyense amakhala atavala kabudula wa mnzake.

Luso losoka zizindikiroli ndinaliphunzira ku hotelo, uko ku Senga Bay, kumene ndinagwira ntchito mpaka imvi. Ndinayambira kochapa. Inu mumadziwa simbi yongolumikiza kukhoma, ife tinkasita ndi ya makala, yolemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Unkaipepeza m'mwamba kuti moto ukolere, ndipo kaphulusa kamodzi kakangogwera pa nsalu yoyera ya mlendo, unkayambiranso kuchapa. Patapita zaka anandikweza kukhala weyitala. Anandipatsa yunifolomu yoyera, kataye kakuda ka pakhosi ndi thileyi. Tsiku loyamba lomwelo mkulu wa maweyitala anatiimika pamzere n'kutiuza lamulo limodzi lokha, lakuti mlendo sauzidwa kuti ayi, ndipo sauzidwa kuti sindikudziwa. Akafuna chambo pamene chatha, umati inde bwana, kenako ukathamange kukhitchini ukaone chochita. Lamulo limenelo linandidyetsa, linaphunzitsanso atate anu sukulu. Koma lamulo lomwelo linatsala pang'ono kundiphera mwana, ndipo n'chifukwa chake kuyambira Lachisanu, pamene atate anu anakusiyani kuno ndi chipepala cha kampucho, chakudya sichikutsika bwino pakhosi panga.

Chipepalacho ndachiwerenga kangapo, magalasi ali pamphuno. Chikufunsa zambiri. Chikufunsa ngati mwana ali pa mankhwala, ngati amagona m'neti, ngati pali chakudya chimene chimamuwenga. Ife m'nthawi yathu chinkatiwenga ndi njala basi. Mnyamata akamagona kunja kwa nyumba ya makolo, ndiye kuti wasamukira kumphala kwa anzake, kapena ali kumunda kulondera mpunga. Ena ankatengedwa kupita kusimba, ndipo kumeneko kholo silinkafunsa kanthu, linkangodikira tsiku lotuluka. Palibe ankalemba kalikonse. Musaganize kuti ndikunyoza za masiku anozi, ayi. Mafunsowo ndi abwino, ndipo pali limodzi pansi penipeni limene ndikufuna tikambirane. Koma muyambe mwamva za ine.

Inu mumandidziwa kuti ndine wa kunyanja. Ndi zoona, ndinabadwira pamchenga pano. Abambo anga a Chikoti anali msodzi wodziwika, wa ukonde wa chilimira, nthawi imene ankakopa usipa ndi miuni ya udzu nyali za palafini zisanafale. Ndinali ndi mkulu wanga dzina lake Lazaro. Chaka china m'nyengo ya mwera, mphepo yozizira ija yochokera kummwera, bwato limene anakwera linagadabuzika, ndipo anampeza patapita masiku atatu. Ine n'kuti ndili wamng'ono ngati Tadalayu. Amayi sanadikire ndi kumeta komwe kuti kuiwalike. Anamanga katundu, anandibereka, ulendo wapansi mpaka kwawo kumtunda, kupitirira Khombedza. Anati nyanja yadya mmodzi, wachiwiri siimuona. Ndinakulira kumeneko, koweta mbuzi ndi kotola masau, kumene madzi aakulu anali a pachitsime ndi kamtsinje kouma mvula ikangosiya.

Ndinabwerera kuno ndevu zitamera, kudzafuna ntchito. Aliyense pondiona ankati mwana wa a Chikoti wabwera. Asodzi ankandiitana kuti ndilowe m'gulu lawo, ine n'kumati ndikufuna ntchito ya malaya oyera. Ankaseka kuti ndine wonyada. Sikunali kunyada, ana inu, anali mantha. Tsono mverani chimene sindinauzepo mdzukulu aliyense: ine agogo anu sindidziwa kusambira. Tseka pakamwa Tadala, ntchentche zingalowe. Kumudzi kuno mwamuna wobadwira pamchenga kunena mawu amenewo kuli ngati mlimi kunena kuti sadziwa kugwira khasu. Ndinkasamba m'mamawa anthu asanadzuke, madzi olekeza m'mawondo, ndipo anzanga akamapita kukasambira pa tsiku lopuma, ine nthawi zonse ndinkakhala ndi chimfine. Amene ankadziwa ndi agogo anu aakazi okha, Nachisale, amene akupeta mpunga kuseriko n'kumachita ngati sakumva. Iwo ndi a ku Chinguluwe, anandigwira chaka choyamba cha ukwati, koma anandisungira chinsinsi.

Atabadwa atate anu, Yohane, vuto linakula. Mwana wa kuno amaphunzira kusambira pambuyo pa bambo ake kapena akulu ake, monga amaphunzirira kuyenda. Ine ndikanamuphunzitsa chiyani? Ndiye ndinayamba kumuopseza. Ndinkamuuza za likodzo, za ng'ona za m'bango, za mvuu imene inaluma bwato pakati. Zonsezo zilipodi, koma ine ndinkazikuza. Akaweruka kusukulu ndinkamupezera chochita, kaya kukagula makala, kaya kuwerenga pakhonde. Anzake akamuitana kunyanja ankapitabe mozemba, ndipo kuti asamuseke anapeza nzeru yakeyake. Ankagona chafufumimba pamadzi osaya, manja atatsamira pamchenga pansi, miyendo ikumenya madzi kumbuyo. Ukamuonera kumtunda unkati mwanayu akusambira. Ine ndinamuona kangapo ndikuchokera kuntchito, ndinadziwa chimene akuchita, ndipo ndinangodutsa.

Yohane atafika msinkhu wako, Takondwa, kunabwera anthu a mpingo ochokera ku Lilongwe kudzafuna malo ochitira kampu ya anyamata pa tchuthi chachikulu. Mtsogoleri wawo anali a Mbewe, mphunzitsi, munthu wansangala wokonda kucheza ndi antchito. Anagona ku hotelo kwathu masiku awiri, ndipo tebulo lawo linali langa. M'mawa wina ndikuwathirira tiyi anandifunsa za banja. Atamva kuti ndili ndi mnyamata, anati asungira malo ana angapo a kuno, ndimulembetse. Ndinazengereza pang'ono, iwo n'kuseka kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anatulutsa pepala pomwepo, pakati pa mbale ya mazira ndi kapu, n'kuyamba kufunsa dzina, zaka, kalasi. Atafika pa funso lomaliza sanandiyang'ane n'komwe.

"Ameneyu ndi mwana wa kunyanja, za kusambira ndiye sitifunsa, eti?"

Ndinali nditaima chilili, thileyi ili m'manja, alendo ena akumvetsera. Mutu unawerama wokha monga unkachitira tsiku lililonse.

"Inde bwana."

Analemba, ine n'kuchotsa mbale. Pobwerera kukhitchini ndinadziuza kuti ndi mawu chabe, ana akangosewera m'mphepete basi.

Lolemba lonyamukalo agogo anu aakazi anadzuka tambala woyamba kuphika chigumu ndi mbatata, ngati mwana akupita ku Joni. Inu lero mwalongedza mabisiketi ndi tochi ya m'foni, iye anatenga bulangete limodzi, neti, mbale ndi kapu ya chitsulo. Malo a kampuwo anali chakumpoto, ulendo wa maola awiri wapansi, njira yake yamchenga wokhawokha. Ndinamukweza panjinga. Titafika tinapeza matenti atakhomedwa pansi pa mitengo, anyamata a m'tauni akutsika m'basi ndi zikwama zazikulu kuposa eni ake. Makolo ena ankafunsa mafunso, kuti ana agona ndi wamkulu uti, madzi akumwa achokera kuti, mwana akadwala malungo amutengera kuti. Ine ndinawaona ngati ovuta. Ndinafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi ndiwo zikhala zokwanira.

Pachipata panali tebulo, ndipo mnyamata aliyense ankamumanga kachingwe pamkono. Amene pepala lake linati sadziwa kusambira ankamumanga kofiira, ndipo ameneyo sankaloledwa kupitirira chingwe chachikulu chimene anatambasula m'madzi osaya. Odziwa ankawamanga koyera. Ndinaona ndi maso angawa akumanga koyera pamkono wa Yohane. Mwana anatembenuka n'kundiyang'ana. Kumbuyo kwanga kunali makolo a kuno awiri, asodzi amene ankawadziwa abambo anga. Ndinamusisita pamutu, ndinamuuza kuti azimvera akuluakulu, ndinakwera njinga n'kubwerera.

Masiku amenewo kunalibe za mafoni zimene atate anu akuti uzikawaimbira madzulo alionse. Mwana akapita wapita, umangomva akabwera. Lachiwiri ndinathira tiyi pa nyuzipepala ya mlendo. Lachitatu m'mawa ndinapereka mchere kwa munthu wofuna shuga. Ndikanyamula thileyi kupita pakhonde loyang'ana kunyanja, maso ankangothamangira kumpoto ngati ndingaone matenti, chikhalirecho kunali kutali. Mphepo ikangogwedeza nsalu za pamatebulo, ndinkaima n'kuyang'ana mafunde. Kunyumba agogo anu anandifunsa chimene chikundidya, ine ndinati ndi mutu chabe.

Lachitatu lomwelo masana kunabwera Che Amidu pakhomo la kukhitchini ndi chambo. Che Amidu anali msodzi wa Chisilamu wa mudzi woyandikana ndi wathu, wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo ndi amene ankatigulitsa nsomba za alendo. Akudikira kuti aziyeze, anandiuza kuti anthu a kampu abwereka boti lake la matabwa. Anati mawa m'mawa anyamula anyamata a zingwe zoyera kupita nawo pafupi ndi mwala uja umaoneka pakatikati, kuti akadumphire kumeneko n'kusambira kubwerera kumtunda. Anatinso amva kuti wanga ndi amene anzake akumudalira, poti ndi mwini nyanja, mdzukulu wa a Chikoti.

Ana inu, pamenepo ndi pamene ndimadzida mpaka lero. Munthu woyendetsa botilo anali patsogolo panga, ndikanangomukokera pambali n'kumunong'oneza. Koma ophika atatu anali pomwepo akupala nsomba, makutu ali tcheru. Ndinaseka n'kunena kuti ameneyo ndi nsomba yeniyeni. Che Amidu anatenga dengu lake n'kumapita.

Nditaweruka ndinawauza agogo anu zonse. Sanakuwe. Anaika pansi lichero n'kundiuza kuti ndikwere njinga nthawi yomweyo. Ndinayamba zifukwa, kuti kwada, njingayo ilibe nyali, ku kampu amatseka chipata dzuwa likalowa, ndipita mbandakucha. Iwo anandidula mawu.

"Mukapanda kupita, ndipita ndine. Ndipo ndikanena zonse, ndi zanu zomwe."

Ndinalonjeza. Koma m'mawa kutacha ndinaganiza kuti ndidzere kaye kuntchito ndikapemphe chilolezo, chifukwa weyitala wojomba osanena ankapeza wina atavala kale yunifolomu yake. Agogo anu atandiona ndikumanga kataye, anabereka azakhali anu, amene anali khanda, n'kuuyamba wapansi. Ku hotelo ndinapeza alendo a msonkhano adzaza chipinda chodyera. Nditapempha, bwana wamkulu anati ndithandize kaye kupereka chakudya cha m'mawa, kenako ndipite. Mukudziwa kale chimene ndinayankha. Ndinanyamula mazira ndi buledi kwa ola lathunthu, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nditamasuka sindinavule n'komwe yunifolomu. Ndinapalasa ngati wamisala. Mumchenga matayala ankatitimira, ndinkatsika n'kukankha, kenako n'kukweranso. Mwera unali utayamba, masamba a migwalangwa akuchita phokoso, ndipo nthawi iliyonse ndikaona nyanja pakati pa nyumba, inali itayamba kuchita thovu loyera pamwamba. Mayina awiri ankangosinthana m'mutu mwanga, la Lazaro ndi la Yohane. Chakumapeto kwa njira ndinawapeza agogo anu akuyenda mothamanga, mwana akulira kumbuyo, nsapato zili m'manja. Ndinafuna kuima kuti ndiwakweze, koma anandikankha pamsana kuti ndisaime.

Nditafika pagombe boti linali litapita kale. Ndinaliona pafupi ndi mwala, likukwera n'kutsika. Anyamata a zingwe zofiira anali kumtunda akuimba ndi kuomba m'manja. A Mbewe anali m'botimo, kumtunda kunangotsala wothandizira wawo, amene analibe njira yowaitanira koma wezulo. Ndinamugwira malaya n'kumuuza kuti mwana wanga sadziwa kusambira. Aka kanali koyamba mawu amenewo kutuluka pakamwa panga, ndipo anatuluka mochedwa. Anaimba wezulo, ine ndikukuwa dzina la mwana, koma mphepo inkachokera kunyanja n'kutibwezera mawu athu. Akumeneko anaganiza kuti tikuwachemerera, ena anatibayibitsa.

Anayamba kudumpha mmodzimmodzi. Ndinkawerenga mitu ikuyandama. Yohane ndinamuzindikira ndi kabudula wake wa khaki wa sukulu. Anatsala yekha, atakhala pansi, atagwira thabwa la m'mbali ndi manja onse awiri. Ndinapemphera kuti akane, alire, achite chilichonse chochititsa manyazi. Ndinaona a Mbewe akumulozera madzi momulimbikitsa. Mwana anaimirira, anayang'ana kumtunda, ndipo ndikukhulupirira kuti anaona malaya anga oyera. Kenako anadumpha.

Sanatulukire msanga. Atatulukira ndinangoona manja akumenya madzi, n'kumiranso. Ndinathamangira m'nyanja ndi nsapato zomwe. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa, ndipo funde litandimenya kumaso, miyendo yanga inakana. Ndinaima pamenepo, bambo wa mwana, mwana wa a Chikoti, kataye kali pakhosi, ndikulira ngati mwana wamng'ono, osatha kupita patsogolo ngakhale phazi limodzi. M'moyo wanga wonse sindinakhalepo wopanda pake ngati nthawi imeneyo.

Amene anamupulumutsa ndi Che Amidu. Pambuyo pake anandiuza kuti anayamba kukayika ali m'njira, ataona mmene mwanayo wagwirira thabwa, chifukwa mwana wozolowera nyanja sagwira boti chotero. Anali atavula kale malaya ndi chipewa chake choyera Yohane asanaimirire. Analowa m'madzi kawiri, kachiwiriko n'kutuluka naye atamugwira m'khwapa. Anamugoneka m'boti n'kumutsindika pachifuwa mpaka anasanza madzi. Pofika kumtunda agogo anu anali atafika, ndipo ndi iwo amene anamulandira m'manja, milomo yake ili yotuwa. Che Amidu anangoti, "Alihamudulillahi, wapuma." Kenako anandiyang'ana ine, mmene ndinanyowera kulekeza pachifuwa, tsitsi lili louma pamwamba. Anayandikira kuti ena asamve.

"Akulu, kani inunso?"

Ndinavomera ndi mutu. Munthu ameneyo anamwalira zaka zingapo zapitazo osauzako wina aliyense, Mulungu amusunge.

Mwana tinapita naye kuchipatala pa galimoto ya kampu, ndipo anamugoneka masiku awiri chifukwa madzi ena analowa m'chifuwa. A Mbewe anabwera kudzationa nkhope itagwa. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, koma anati nawonso analakwa kukhulupirira pepala osamuyesa mwanayo m'madzi. Ine ndinkadziwa mwini mlandu weniweni. Tsiku lachiwiri masana, agogo anu atatuluka kukachapa matewera, ndinakhala pambali pa bedi n'kumufunsa chimene chinkandivuta. Ndinamufunsa chifukwa chimene anadumphira pamene ankadziwa kuti sangathe, komanso chifukwa chimene sanauzire a Mbewe masiku onse atatu aja. Anayankha akuseweretsa kachingwe koyera kaja, kamene kanali kadakali pamkono.

"Munawauza kuti ndimadziwa. Ndikanakana, bwenzi akuti ababa ndi abodza."

Ndinatuluka panja n'kukakhala kuseri kwa chipatala nthawi yaitali. Ine ndinkabisa manyazi anga, ndipo mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anali wokonzeka kufa kuti awabise nane. Kachingweko ndinakadula ndekha ndi lumo tisanatuluke. Tadala, pita pawindo ukatenge kachitini kena ka singano kaja, kamene sindikulolani kukhudza. Tsegula. Ndi kameneka. Kadetsedwa tsopano, koma kanali koyera.

Atachira, Che Amidu anabwera yekha kunyumba n'kunena kuti mwanayo azipita kwawo m'mawa uliwonse. Pofika nthawi ya mvula Yohane anali akusambira mpaka pa mwala uja n'kubwerera. Kusambira kumene mumawanyadira nako atate anu, mukamawaona akudula madzi pa Khirisimasi, sikunachokere kwa ine. Ineyo Che Amidu anandiitananso, koma ndinati ndakula, ndipo manyazi aja anali asanathe. Ntchito ndinapitiriza, inde bwana ndinapitiriza kunena, koma kuyambira pamenepo mawu amenewo ndinkawasiya pachipata cha hotelo pamodzi ndi thileyi.

N'chifukwa chake dzulo m'mawa munandiona ndikukwera kabaza ndi ndodo yanga. Ndinapita kumalo kumene kukachitikire kampu yako, Takondwa. Ndinapeza achinyamata akukhoma matenti, ndipo ndinawafunsa mafunso onse amene ndinalephera kufunsa kale. Ndinafunsa kuti m'tenti iliyonse mugona wamkulu ndani, ndipo amuna amenewo akuwadziwa ndani. Ndinafunsa za maneti, za madzi akumwa, za galimoto yothamangira kuchipatala, za amene amawerenga ana polowa ndi potuluka m'madzi. Ndinafunsa ngati amaletsa kusambira mwera ukayamba. Anandionetsa majekete oyandamitsa, anandiuza kuti mwana aliyense amayamba amuyesa. Mmodzi ndinamuona akutsinzinira mnzake kuti gogoyu ndi wovuta. Asiyeni aseke, safunsa anadya phula. Mudzawauze atate anu ndi amayi anu kuti kholo lisamachite manyazi kufunsa, ndipo lisamayankhe pepala ndi mtima wofuna kuoneka bwino. Anthuwo anandiyankha bwino ndithu, komabe mtima wanga sunakhale pansi. Tsiku loyamba ana amakhala ambiri, oyesa amakhala ochepa, ndipo madzi oyeserawo amakhala osaya.

Tsono bwera ukhale apa, Takondwa, pafupi ndi ine. Usayang'ane pansi. Atate ako anasaina chipepalachi mothamangira minibasi, mafunso n'kukusiyira kuti uyankhe wekha poti ndiwe wamkulu. Pa funso lomalizali walemba kuti inde. Lachisanu ndinawafunsa atate ako, anandiuza kuti unaphunzira kusambira kuno tchuthi chatha. Chikhalirecho ine tchuthi chathacho unandiuza kuti unaphunzira ku Lilongwe ndi anzako a kusukulu. Ndiye dzulo madzulo pochokera ku kampuko sindinabwere molunjika kunyumba. Ndinadzera kugombe, ndinakhala pa bwato lakale lija, ndipo ndinakuona ukusewera ndi ana a kwa a Phiri. Miyendo inkamenya madzi bwino kwambiri. Koma manja ako anali pamchenga, mdzukulu wanga. Kusambira kumeneko ndimakudziwa, ndi kwa pabanja pathu.

Sindikukukalipira. Ndikudziwa kuti n'kovuta kukhala mwana wa munthu wosambira ngati atate ako, n'kumatchedwa mdzukulu wa ku Salima pakati pa anzako a m'tauni. Ku kampuko upita, sindikuletsa, ndipo zovala zako ndi izi ndatsala pang'ono kumaliza. Atate ako ndiwaimbira ndekha madzulo ano, ndipo sakakukalipira, chifukwa akudziwa kukoma kwa madzi a pa mwala paja. Koma chipepalachi sichituluka pakhomo pano chili chonchi. Ine ndinaima kale kamodzi m'madzi olekeza pachifuwa, ndipo Che Amidu kulibenso.

Tadala, mpatse mchimwene wako cholembera. Fufuta pamenepo, ulembe ayi, zilembo zikuluzikulu zoti aone ngakhale wothamanga. Akakupatsa chofiira, kaya masiku ano amapereka chiyani, ukavale, ndipo ukawapemphe akuphunzitse kuyambira poyamba. Anzako akakakuseka kuti mdzukulu wa kunyanja bwanji ali ndi ana osadziwa, usakalimbane nawo. Ukawauze kuti uli ndi agogo ako amene anabadwira pamchenga pomwepa, mwana wa msodzi, ndipo mpaka lero sadziwa kusambira. Ukatchule ndi dzina langa lomwe, ndakuloleza.